Mwana Wanga Watola Salamanda M'nkhalango, Ndichite Naye Chiyani?

Mayi wina amene anasamukira ku Germany ndi banja lake walemba motere: "Dzulo tinapita kokayenda m'nkhalango mvula itangokata. Mwana wanga wa zaka 7 anatola kanyama kooneka ngati buluzi, kakuda bii, ka mawanga achikasu, ndipo sikanathawe n'komwe. Anasewera nako m'manja, kenako anatikita diso. Disolo linafiira psuu, mwana n'kulira kwa nthawi ndithu, koma pofika madzulo linali bwino. Mnzathu wa konkuno akuti dzina lake ndi salamanda, ndipo akuti anthu akale ankati amabadwira m'moto komanso ndi woopsa. Chondivuta n'chakuti mwanayo anabwera nako kunyumba osatiuza. Pano kali m'katoni ya nsapato kuchipinda kwake ndipo akukana kukataya. Kodi kanyamaka n'chiyani kwenikweni? Poizoni wake angamupweteke mwana wanga? Nanga tingakawete?"

Mayi, khazikitsani mtima pansi. Zimene mwafotokozazi, diso kuwawa ngati mwalowa sopo kenako n'kuleka lokha patapita maola ochepa, ndi mmene zimakhalira pafupifupi nthawi zonse. Pa zaka zimene ndakhala ndikufufuza achule ndi abale awo, zandichitikirapo inenso, ndipo kuwawa kwake ndikukudziwa. Amene ali pangozi usiku uno ndi mlendo ali m'katoniyo. Choncho musanapitirize kuwerenga, tengani kabokosi kapulasitiki kotsuka bwino, boolani timabowo pachivundikiro, yalani pansi mapepala opukutira m'manja onyowetsa ndi madzi a mvula kapena a m'botolo, ikanimo masamba oti abisalemo, ndipo mumusamutsiremo mutavala magolovesi onyowa. Kabokosiko kakhale pamalo ozizira ndi amdima, kutali ndi chotenthetsera m'nyumba. Katoni imamwa chinyezi, ndipo m'chipinda chofunda kanyamaka sikachedwa kuuma n'kufa. Zochita mawa ndikuuzani kutsogoloku, koma poyamba mumudziwe mlendo wanuyo.

Pa dzina, mnzanuyo wanena zoona. Wakuda wonyezimira wa mawanga achikasu, wopezeka m'nkhalango za ku Germany mvula itagwa, ndi salamanda wa moto, amene asayansi amamutcha Salamandra salamandra. Amatalika masentimita 15 mpaka 20, ena kupitirirako pang'ono. Maonekedwe ndi a buluzi ndithu, miyendo inayi ndi mchira wautali, koma ubale wake uli kwa chule. Buluzi ali ndi mamba ouma ndi zikhadabo, amaothera dzuwa pamwala, ndipo mukamuyandikira amathawa liwiro la mtondo wadooka. Salamanda alibe mamba, alibe zikhadabo, kumiyendo yakutsogolo ali ndi zala zinayi zokha pomwe kumbuyo zili zisanu, dzuwa amalipewa, ndipo ana ake amayambira moyo m'madzi monga mbululu. Iye ndi chule ali m'gulu limodzi limene asayansi amati ma amphibian. Ngati simunamuonepo kale, n'zosadabwitsa. Mitundu ya asalamanda ndi yoposa 700, koma pafupifupi yonse ili kumpoto kwa dziko lapansi. Mu Africa amapezeka ku Morocco, Algeria ndi Tunisia basi, ndipo kum'mwera kwa chipululu cha Sahara kulibe ndi mmodzi yemwe.

Ophunzira akandifunsa poyambira kuti amumvetse salamanda, ndimawauza kuti ayambire pa khungu, chifukwa mafunso anu onse atatu mayankho ake ali pamenepo. Khungu lake ndi lopyapyala, lonyowa nthawi zonse ndi madzi oterera otuluka m'timatumba tosaoneka ndi maso, ndipo pansi pake pamayenda timitsempha ta magazi tambirimbiri. Mpweya wa okosijeni umasungunuka m'chinyezicho n'kulowa m'magazi. Madzi akumwa amaloweranso momwemo. Salamanda samwa ndi pakamwa, amangokhala panthaka yonyowa thupi n'kumayamwa lokha. Wanuyo ali ndi mapapo, ndiye amapuma ndi mapapo ndi khungu lomwe. Koma banja lalikulu kwambiri la asalamanda, la Plethodontidae, lomwe ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mitundu yonse, lilibiretu mapapo. Nyama ya msana, yoyenda pamtunda, yosaka, yoswana, moyo wake wonse osakokapo mpweya m'chifuwa! Mpaka lero zimandigometsa. Ambiri a iwo ali ku America, ndipo m'mapiri a Appalachian ku United States, nkhalango ya Great Smoky Mountains yokha ili ndi mitundu ya asalamanda pafupifupi 30.

Tsono khomo lolowera mpweya ndi madzi ndi lomwenso zoipa zimalowera. Mchere wa m'thukuta la m'manja mwathu, sopo, mafuta odzola, mankhwala othamangitsira udzudzu, zonsezi zimadutsa pakhungu limenelo. Pamene mwana wanu ankamusisita, onse awiri ankapwetekana osadziwa. Ndipo khungu lotere likauma, kupuma kumavuta. Sindidzaiwala wina amene ndinamupeza m'mawa m'dzenje la simenti pansi pa windo la chipinda chapansi cha nyumba ina. Anagweramo usiku, makoma osalala n'kumukanika kukwera. Khungu limene limayenera kunyezimira ngati nsapato yopaka polishi linali litachita mbuu, makwinya okhaokha, fumbi ndi ulusi wa kangaude zitamatirira, maso atalowa m'kati. Ndinamuika m'mbale ya madzi osaya, ongofika pamimba, mutu uli kunja. Patapita ola limodzi thupi linayamba kudzaza, chikasu chija n'kuyambanso kuwala, ndipo pakhosi panayamba kugunda pang'onopang'ono. Ameneyo anapulumuka. Ambiri amene ndawapeza m'maenje otere ndinawapeza atauma gwa ngati kachikopa.

Tsopano za poizoni, zimene ndikudziwa kuti ndi zomwe zakusowetsani tulo. Mukamuyang'anitsitsa, kuseri kwa maso ake kuli zotupa ziwiri zokhala ndi timadontho takuda, ndipo timabowo tina tandandalika kutsika ndi msana. Akapanikizidwa, m'menemo mumatuluka madzi oyera ngati mkaka, omata, ndipo akazunzidwa kwambiri amatha kuwapopera chapatali. M'madzimo muli poizoni wotchedwa samandarin, amene amasokoneza mitsempha yotumiza mauthenga m'thupi. Kanyama kakang'ono kakameza wambiri kamaphupha ngati kagwidwa khunyu, n'kulephera kupuma. Madzi a pakhunguwa amathandizanso kuteteza khungu lonyowalo ku mabakiteriya ndi chuku. Chikasu pathupi lakuda ndi chenjezo kwa mbalame ndi nkhandwe, ndipo imene yalawapo kamodzi sibwerezanso. N'chifukwa chake sanamuthawe mwana wanu. Amadalira mawanga akewo, ndiye amayenda modekha, thupi likupindika uku ndi uku.

Alibe mbola, ndipo saluma kuti alowetse poizoni. Pakhungu la munthu lopanda bala nthawi zambiri sipachitika kanthu, mwina kungoyabwa pang'ono. Vuto limabwera madziwo akafika m'maso, m'mphuno, m'kamwa kapena pachilonda. Zikadzachitikanso, tsukani disolo ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 10 kapena 15, mwana asambe m'manja ndi sopo, ndipo asatikite. Pitani naye kwa dokotala ngati diso likadali lofiira tsiku lotsatira, likutulutsa mafinya, mwana akuthawa kuwala, kapena akunena kuti sakuona bwino. Ngati mwana wamng'ono wamuika m'kamwa, kapena mukuona dovu lambiri, kusanza, kunjenjemera kapena kupuma movutikira, musadikire. Imbani nambala ya zangozi, 112, kapena Giftnotruf ya m'dera lanu, komwe amalangiza za poizoni. Agalu ndi amphaka ndi amene amavutika kuposa anthu chifukwa iwo amachita kuluma. Dovu limangoti chuchuchu, khosi kuuma, nthawi zina kuphupha. Mutsukeni m'kamwa n'kuthamangira naye kwa dokotala wa ziweto. Palinso chifukwa china chosambira m'manja, chomwe sichikhudza poizoni n'komwe: achule ndi asalamanda amatha kunyamula Salmonella, mabakiteriya otsegula m'mimba, iwo ali bwinobwino.

Ndisakubisireni, m'banja la asalamanda muli ena oopsa zenizeni. Kugombe la kumadzulo kwa North America kuli mtundu wa Taricha granulosa, wabulauni kumsana ndi wa olenji kumimba, umene uli ndi tetrodotoxin, poizoni yemweyo wa nsomba ija imadzitupitsa ngati mpira. Mu 1979 bambo wina wa zaka 29 ku Oregon anameza mmodzi atachita makani ndi anzake, ndipo anamwalira. Koma onani kuti anachita kumeza, ndipo mtundu umenewo ku Ulaya kulibe m'tchire.

Nkhani ya moto ndi yakale kwambiri. Pliny Wamkulu, mlembi wa ku Roma amene anamwalira m'chaka cha 79, analemba kuti salamanda ndi wozizira moti amazimitsa moto akaukhudza. Mfumu Francis I ya ku France inamusankha kukhala chizindikiro chake, atazunguliridwa ndi malawi, ndipo zithunzi zake zosema zidakalipo zambirimbiri m'nyumba yachifumu ya Chambord. Gwero la nthanoyi likuoneka kuti ndi nkhuni. Asalamanda amabisala m'zipika zovunda, ndiye munthu akaponya chipika pamoto kanyama kankatuluka kakuthawa, oona n'kumati kabadwira m'malawi. Zoona zake, n'kovuta kupeza nyama yoopa kutentha kuposa iyi. Dzina limene ndimalikonda ndi lomwe anthu ena a ku Germany anamupatsa, Regenmännchen, kutanthauza kabambo ka mvula. Limeneli ndiye lomuyenera. Masana amakhala pansi pa zipika, m'mizu ya mitengo, m'ming'alu ya miyala kapena mu una wa mbewa. Usiku wa mvula, kopanda mphepo, amatuluka kukasaka nyongolotsi, nkhono zopanda chigoba, akangaude ndi tizilombo tina toyenda mochedwa. Nyengo yachisanu ikafika amalowa pansi pomwe madzi saundana, kawirikawiri angapo pamodzi, mpaka kunja kutafunda.

Kaswanidwe kake ndi kosiyana ndi ka achule. Wamwamuna amadzilowetsa pansi pa wamkazi n'kumubereka kumsana, miyendo yakutsogolo itakolowekana. Kenako amasiya pansi kampukutu ka umuna, n'kupotoza thupi lake chakumbali kuti wamkazi atsikire pomwepo n'kukatola ndi khomo la pansi pa mchira. Wamkazi amatha kusunga umunawo kwa miyezi yambiri. Mazira saikira m'madzi. Amawasunga m'mimba mpaka ana atakula, ndipo chisanu chikatha amapita kukamtsinje kozizira ka madzi oyera, n'kulowetsa theka lakumbuyo la thupi m'madzi, n'kumatulutsa ana mmodzimmodzi, 20 kapena 30, nthawi zina kuposerapo. Anawo amakhala pafupifupi masentimita atatu, ali kale ndi miyendo inayi, komanso makha ooneka ngati tinthenga mbali zonse ziwiri za khosi, opumira m'madzi. Mukafuna kuwazindikira, yang'anani kadontho kachikasu pamene mwendo uliwonse walumikizana ndi thupi. Patapita miyezi itatu kapena kuposerapo makha amafota, mawanga amaoneka, ndipo amakwera kumtunda. Msuweni wake wakuda yense wa m'mapiri a Alps, Salamandra atra, safuna n'komwe mtsinje. Amakhala ndi bere zaka ziwiri kapena zitatu n'kubala ana awiri okha, okhwima kale, opuma mpweya.

Nyama zimenezi zimakhalitsa. M'tchire salamanda wa moto amatha kupitirira zaka 20, ndipo wina wosungidwa ku Museum Koenig ku Bonn anakhala zaka zoposa 50. Muuzeni mwana wanu kuti amene ali m'bokosiyo mwina ndi mkulu wake pakubadwa. Mawanga ake ali ngati chidindo cha chala, palibe awiri ofanana, ndiye ofufuzafe timangowajambula kumsana n'kumawazindikira chaka ndi chaka. Ndi mmene tinadziwira kuti ambiri sasamukasamuka. Panali wamkazi wina wa banga longa chikwakwa paphewa lamanzere yemwe ndinkamupeza pansi pa muzu womwewo zaka zingapo motsatizana, moti ndikafika pamtengowo ndinkayamba kugwada ndisanaunike. Salamanda amadziwa pobisala, podyera, pogona m'chisanu ndi njira ya kumtsinje. Mukamusiya m'nkhalango ina, ngakhale yokongola bwanji, amakhala mlendo wopanda pogona, ndipo poyendayenda kufuna kwawo akhoza kukathera pamsewu.

Ndiye pa funso loti mungamuwete, yankho langa ndi ayi, ndipo ndikunena mosazengereza. Ku Germany salamanda wa moto ndi wotetezedwa ndi lamulo, ndipo kumutenga m'tchire n'kumusunga kunyumba n'koletsedwa. Mwana wa zaka 7 anachita mwachikondi, musamukalipire, koma inu akuluakulu mwadziwa tsopano, ndiye mukonze. Mawa kukamada bwererani naye pamalo enieni pomwe anatoledwa, mutsegule kabokosi pafupi ndi chipika kapena muzu, mumusiye atuluke yekha. Wotsegula akhale mwanayo. Koma ngati m'nyumba mwanu muli achule kapena asalamanda ena oweta, kapena mukuona zilonda pakhungu lake, kapena pazifukwa zina wakhalitsa m'nyumbamo masiku ambiri, musamubweze nokha. Imbirani ofesi ya boma yoona zachilengedwe m'dera lanu, Untere Naturschutzbehörde, kapena nthambi ya bungwe loteteza zachilengedwe la NABU, akuuzani chochita.

Chimene ndikusamalira chonchi ndi matenda amene ndikawaganizira mtima umandiwawa. Cha mu 2010 asalamanda a moto anayamba kufa mosadziwika bwino kum'mwera kwa Netherlands, ndipo m'zaka zochepa chabe pafupifupi 96 pa 100 alionse anali atatha. Mu 2013 asayansi a pa yunivesite ya Ghent ku Belgium, motsogoleredwa ndi An Martel ndi Frank Pasmans, anapeza chomwe chinkawapha. Ndi kachilombo ka m'gulu la chuku ndi bowa, komwe anakatcha Batrachochytrium salamandrivorans, mwachidule Bsal. Mawu achiwiriwo amatanthauza chodya asalamanda, ndipo n'zimenedi kamachita. Kamadya khungu, kusiya timabowo ndi zilonda thupi lonse, ndipo nyama imene imapuma ndi kumwa ndi khungu singalimbe khungulo likabooka. Ambiri amafa m'milungu iwiri kapena itatu. Umboni ukusonyeza kuti kanachokera ku Asia, komwe asalamanda akumeneko amakhala nako osadwala kwenikweni, ndipo kanafika ku Ulaya kudzera m'malonda a nyama zoweta. Lero kapezeka ku Belgium, Spain ndi Germany, makamaka ku Eifel, m'dera la Ruhr ndi mbali zina za Bavaria. Anthu sikatidwalitsa, koma tikhoza kukanyamula m'matope a kunsapato, kumatayala a njinga ndi kumapazi a agalu. Poopa zimenezi, mu 2016 dziko la United States linaletsa kulowetsa mitundu 201 ya asalamanda. Kuunika kwa ma amphibian a padziko lonse kofalitsidwa mu 2023 kunapeza kuti mitundu itatu mwa isanu iliyonse ya asalamanda ili pachiopsezo chotha.

Wina angafunse kuti nanga akatha, tiluza chiyani, poti sitiwaona n'komwe. Mu 1975 asayansi Thomas Burton ndi Gene Likens anawerengera asalamanda a m'nkhalango ya Hubbard Brook ku New Hampshire, m'dziko la United States, ndipo anapeza kuti kulemera kwawo onse pamodzi kunali pafupifupi kuwirikiza kawiri kulemera kwa mbalame zonse za m'nkhalangomo panthawi yoswana. Khamu lonselo lili phee pansi pa masamba, likudya tizilombo, nalonso likudyedwa ndi njoka, mbalame ndi nyama zina.

Mwana wachidwi ngati wanuyo sachedwa kumva kuti salamanda akaduka mwendo umameranso, ndiye ndi bwino amve kwa inu. N'zoona, ndipo wasayansi Lazzaro Spallanzani wa ku Italy anazifotokoza kale mu 1768. Mwendo ukaduka, maselo a khungu amakwawa kuphimba bala popanda kusiya chipsera. Pansi pake maselo a pafupi amabwerera kukhala ngati a mwana wosabadwa, n'kuunjikana kukhala kachotupa kotchedwa blastema, ndipo m'menemo mumatuluka fupa, mnofu, mitsempha, mpaka zala. Chimene chimandidabwitsa kwambiri n'chakuti maselowo amadziwa pomwe padukira. Ukaduka pachigongono, pamamera kuyambira pachigongono kutsika, osawonjezera kapena kuperewera. Mu 2013 James Godwin ndi anzake ku Australia anaonetsa kuti akachotsa maselo oteteza thupi otchedwa macrophage, mwendo sumera, pamangokhala chipsera ngati chathu. Mitundu ina imakonzanso mchira, nsagwada, mbali za diso ndi za mtima, n'chifukwa chake ofufuza zamankhwala amawaphunzira kwambiri. Koma mwana amvetse kuti kumerako kumatenga milungu kapena miyezi, nyamayo imavutika, ndipo bala likhoza kulowa matenda n'kumupha. Si zoyesera.

Mukafuna zomukambira pogona, banjali lili ndi zambiri. M'mitsinje ya m'mapiri a ku China muli Andrias davidianus, amene aakulu ake ankafika mamita 1.8, kutalika ngati munthu wamkulu, ndipo atsala pang'ono kutha chifukwa chogwidwa mopitirira. Ku Mexico kuli mitundu ya Thorius, ina yaifupi kuposa kamtengo ka machesi. M'mapanga a ku Slovenia, Croatia ndi Bosnia muli olm, woyera, wa maso obisika pansi pa khungu, amene amatha zaka osadya ndipo akuganiziridwa kuti amafika zaka 100. Madzi akasefukira n'kumutulutsa kunja, anthu akale ankati ndi mwana wa chinjoka. Ofufuza m'phanga lina ku Bosnia analemba mu 2020 kuti mmodzi ankamupeza pamalo omwewo kwa zaka zisanu ndi ziwiri.

Ngati mtima wa mwana udakali pa kuweta, njira yabwinoko ndi axolotl, salamanda wa m'madzi, wobadwira kwa oweta odalirika. Kwawo ndi ngalande za Xochimilco ku Mexico City. Iyeyu sakwera kumtunda. Amakhala ndi makha a ubwana moyo wonse n'kumaswana ali choncho, chifukwa thupi lake silitulutsa mokwanira mahomoni a chithokomiro oyambitsa kusinthako. Oyamba amoyo anafika ku Paris mu 1864, ndipo wasayansi Auguste Duméril anadabwa kuona ena mwa ana awo ataya makha n'kusanduka apamtunda. DNA yake, yomwe inawerengedwa mu 2018, ndi yaikulu kuwirikiza pafupifupi kakhumi kuposa ya munthu. Kwawo kwenikweni atsala ochepa kwambiri chifukwa cha madzi oipa ndi nsomba zobwera nazo zimene zimadya mazira ndi ana ake, pomwe m'mathanki a anthu ndi a asayansi ali ambirimbiri.

Koma muganizire bwino musanalonjeze. Axolotl amafuna thanki yaikulu ya madzi opanda klorini, ozizira madigiri 16 mpaka 18. Akakhalitsa m'madzi opitirira madigiri 22 amayamba kudwala, ndiye m'nyengo yotentha ntchito yaikulu ndi kuziziritsa madzi. Sefa ikhale yosathamangitsa madzi, ndipo igwire ntchito milungu ingapo nyama isanalowe, kuti mabakiteriya othetsa zonyansa akhazikike. Pansi pakhale mchenga wosalala kapena pasakhale kanthu, chifukwa amameza timiyala n'kutsekeka m'mimba. Nsomba musaikemo, zimaluma makha ake. Amadya nyongolotsi, sagwiridwa m'manja, ndipo amakhala zaka 10 mpaka 15, kutanthauza kuti mwana wanu adzafika pa msinkhu wochoka pakhomo nyamayo idakali m'thanki, ndipo woisamalira mudzakhala inu. Pezani dokotala wa ziweto wodziwa ma amphibian musanagule, poti si onse amene amawadziwa. Makha akamafota, pakhungu pakaoneka zoyera ngati thonje, akamayandama osatha kumira, kapena akakana chakudya masiku angapo, yezani madzi ndipo mupite naye. Nyamayo, mazira ake kapena madzi a m'thanki musadzatayire mumtsinje kapena padziwe, chifukwa ndi njira yomweyi imene matenda aja amafikira m'tchire.

Ine ndikanakhala inu, ndikanayamba ndi china chosavuta. Musanamumasule mawa, mwana amujambule kumsana ndi foni ali m'kabokosi momwemo, mawanga onse aoneke bwino. Kenako musankhe usiku wa mvula yowaza, wosazizira kwambiri, m'miyezi ya Epulo ndi Meyi kapena Seputembala ndi Okutobala. Valani nsapato za mphira, tengani tochi, muyende pang'onopang'ono m'njira yomweyo mukuunika pansi musanaponde. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye usiku woyamba mukabwera chimanjamanja musagwe ulesi. Tsiku lina kuwala kwa tochi kudzagwera pa wina ataima pakati pa njira, miyendo yakutsogolo itawongoka, mutu uli m'mwamba, madontho a mvula akutsetsereka pamsana, maso akuda akunyezimira. Pamenepo mwana atulutse chithunzi chija ayerekeze mawanga, banga ndi banga, aone ngati ndi mnzake uja.

Poyenda chonchi khalani m'njira, galu akhale pachingwe, manja asagwire. Mukafika kunyumba chotsani matope onse kunsapato, muzitsuke kutali ndi mtsinje, muziumitse gwa musanapite nazo kunkhalango ina, ndipo ngati muli ndi spiriti wa 70 peresenti poperani kunsi kwake. Mukadzapeza wakufa wopanda chizindikiro choti wapondedwa, kapena angapo pamalo amodzi, kapena wamoyo wa zilonda ali poyera masana, musamugwire. Jambulani chithunzi chapafupi, lembani malo ndi tsiku, ndipo mutumize ku ofesi yoona zachilengedwe ija tsiku lomwelo.